Ngodya ikakana kutuluka bwino: mmene mungapezere pomwe masamu a madigiri asokonekera

Mwana wa ku sekondale mukamufunsa kuti ngodya za mu triangle zimakwana madigiri angati, amayankha musanamalize n'komwe kufunsa: 180. Za pa mzere wowongoka, 180. Zozungulira pamalo amodzi, 360. Malamulo onse ali pamtima. Koma pepala la mayeso a kumapeto kwa temu likabwerera, pa mafunso a ngodya pamakhala inki yofiira yokhayokha. Vuto limeneli limabweranso chaka ndi chaka, m'masukulu a m'tauni muno mu Chipata ngakhalenso a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo mankhwala omwe ambiri amathamangira ndi oti mwanayo alowezenso malamulo. Sizithandiza kwenikweni, chifukwa malamulowo amawadziwa kale. Chimene chikumuvuta ndi kudziwa kuti lamulo liti likugwira ntchito pa ngodya iti.

Wokonza njinga pa msika wa Kapata sayamba ndi kumasula njinga yonse. Amapukusa pedulo n'kutchera khutu, ndipo kulira kwake kumamuuza ngati vuto lili pa tcheni kapena mu habu. Yankho lolakwika muzilitenga chimodzimodzi. Musalifufute msanga. Liikeni pambali pa yankho lolondola, muone kuti manambala awiriwo akugwirizana bwanji, chifukwa nthawi zambiri pomwepo ndi pomwe pamaonekera chimene chalakwika.

Yankho lanu ndi lolondola zikaphatikizana n'kukwana 180

Aphunzitsi alemba 110, inu munalemba 70. Kapena iwo 35, inu 145. Chizindikiro ichi ndicho chimaoneka kawirikawiri kuposa zina zonse, ndipo chimachokera pa zinthu ziwiri.

Ngati funsolo linali loyeza, wolakwa ndi kawerengedwe ka protractor, chida choyezera ngodya. Itulutseni mu seti ya masamu muiyang'ane pafupi. M'mphepete mwake muli mindandanda iwiri ya manambala, wakunja ndi wamkati. Umodzi umayambira 0 kumanzere n'kukathera 180 kumanja, unzake umayambira kumanja kupita kumanzere. Ndiye pa kamzere kamodzi komweko mupeza 70 ndi 110 atasanjikizana, pena 40 ndi 140. Pa 90 pokha ndi pomwe mindandanda yonse iwiri imanena chimodzi. Woyenera kuwerenga ndi uja amene 0 wake wagona pa mzere wa ngodya yanu. Muyambire pa 0 ameneyo, muziwerenga 10, 20, 30 chala chili pomwepo mpaka mufike pa mzere wachiwiri. Wodumphira molunjika pa mzere wachiwiri n'kutola nambala yomwe yamugwera m'maso ndi amene amagwa.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta moti ana ambiri amainyoza. Musanaike protractor, tengani kona ya pepala la m'kope, yomwe ndi madigiri 90. Ikani nsonga yake pa nsonga ya ngodya, mbali imodzi ya pepalalo itsatire mzere umodzi. Mzere winawo ukabisika pansi pa pepala, ngodyayo ndi yochepera 90. Ukatulukira kunja, ndi yoposa 90. Mukatero simungalembenso 110 pa ngodya yomwe mwaona ndi maso anu kuti ndi yopapatiza.

Ngati funsolo linali lowerengera, ndiye kuti mwapeza ngodya yoyandikana ndi imene inafunsidwa. Taonani ili: mu triangle ABC, ngodya ya pa A ndi 50, ya pa B ndi 60, ndipo mzere BC autalikitsa kupitirira C mpaka pa D. Funso likufuna ngodya ACD. Mwana amaphatikiza 50 ndi 60, kuchotsa pa 180, kupeza 70, n'kutseka kope mokondwa. Masamu ake ndi olondola ndithu, koma 70 ndi ngodya ya mkati pa C. Yofunsidwayo ili kunja, ndipo kwatsala sitepe imodzi: 180 kuchotsa 70, kutsala 110. Onaninso kuti 110 yomweyo ndi 50 kuphatikiza 60. Ngodya yakunja ya triangle nthawi zonse imafanana ndi ngodya ziwiri zamkati zomwe zili kutali nayo zikaphatikizidwa, ndiye wodziwa zimenezi amafika pa yankho kamodzi n'kamodzi. Chothandiza apa n'kutenga pensulo musanayambe kuwerengera, n'kudetsa pang'ono ngodya imene ikufunidwa. Mukamaliza, mufunse ngati nambala yomwe mwapeza ndi ya pamalo odetsedwawo.

Mwaphonya ndi madigiri awiri, atatu kapena asanu

Apa mutu uli bwino, vuto ndi manja. Protractor ili ndi kamtanda kapena kabowo pakati pa mzere wochokera pa 0 kufika pa 180, ndipo kamenekako ndi koyenera kukhala pa nsonga ya ngodya. Zambiri zimakhala ndi kampata ka pulasitiki pansi pa mzerewo, choncho woika m'mphepete mwa pulasitiki pa mzere wa ngodya amakhala wasuntha kale. Mizere ya ngodya ikakhala yaifupi, osafika pa manambala, italikitseni ndi rula m'malo moganizira komwe ikanadutsa. Kutalikitsa mzere sikusintha ngodya: nthawi ikakwana 3 koloko, wotchi yapamkono ndi wotchi yaikulu yapakhoma zonse zimaonetsa madigiri 90. Pensulo yobuntha nayo imadya digiri imodzi kapena ziwiri payokha. Ndipo protractor yomwe yakandika mpaka manambala kufufutika, kapena yopindika chifukwa chosiyidwa padzuwa la mu Okutobala, ingotayani.

Zilembo zitatu

Ngodya ikalembedwa kuti ABC, nsonga yake ili pa chilembo chapakati, B. Mumayambira pa A, kuyenda kufika pa B, kukhota n'kupita pa C, ndipo pokhoterapo ndiyo ngodya yake. Ambiri amatola chilembo choyamba. Ena amadziwa kuti ndi pa B, koma pa B pomwepo pakakumana mizere itatu kapena inayi amasokonezeka, chifukwa ABD, DBC ndi ABC zonse zili pa B koma ndi ngodya zosiyana. Chizindikiro chake ndi chakuti nambala yomwe mwalemba imapezeka ndithu pachithunzipo, kungoti ndi ya ngodya ina. Yendetsani chala pa zilembo zitatuzo motsatana nthawi iliyonse, ngakhale mukuona ngati n'zachibwana.

Kukhulupirira maso

Apa ndi pomwe ana anzeru amagwera kwambiri, chifukwa maso awo ndi akuthwa ndipo anazolowera kuwadalira. Zithunzi za m'mafunso owerengera sizijambulidwa molingana ndi manambala ake, ndipo nthawi zambiri pepala limachita kunena zimenezo. Ngodya yolembedwa 40 mutha kuiyeza n'kupeza 52. Wokonza mayeso sanalakwitse, akufuna muwerengere. Ndiye funso likati calculate kapena find, protractor ibwerere mu seti. Imatuluka pokhapokha funso likati measure, draw kapena construct.

Chithunzi chimalankhula ndi tizizindikiro tochepa, ndipo tokhato ndi tomwe muyenera kukhulupirira. Kabokosi pa ngodya kakutanthauza madigiri 90. Timizere todula mbali ziwiri tikutanthauza kuti mbalizo ndi zotalika mofanana. Timivi pa mizere iwiri tikutanthauza kuti mizereyo ndi ya parallel, sidzakumana ngakhale muitalikitse bwanji. Ngodya yooneka ngati 90 koma yopanda kabokosi, ndipo mawu a funso sanainene, si 90 mpaka mutaipeza ndi masamu.

Triangle ya mbali ziwiri zofanana, ya isosceles, ndiyo imavuta kuposa zonse pa nkhani ya maso. M'mabuku imakonda kujambulidwa itaima bwinobwino, nsonga m'mwamba, ngodya ziwiri zofanana zili pansi. Mwana amazolowera kuti zofanana ndi zapansi. Tsiku la mayeso amaipeza itagona chammbali, iye n'kutolabe zapansi zomwezo.

Tengani triangle PQR, pomwe PQ ndi PR ndi zofanana, ndipo ngodya ya pa Q ndi 40. Ambiri amachotsa 40 pa 180, kutsala 140, kugawa pawiri, n'kulemba 70 pa P ndi 70 pa R. Choopsa n'chakuti akayesa kutsimikiza, 40 ndi 70 ndi 70 zimakwana 180, ndiye mtima umakhala pansi pomwe yankho ndi lolakwika. Kuphatikiza kokha sikungagwire vuto ili. Chomwe chimaligwira ndi kufunsa kuti mbali iliyonse yayang'anizana ndi ngodya iti. Mbali PQ yayang'anizana ndi ngodya ya pa R, mbali PR yayang'anizana ndi ya pa Q. Mbalizo ndi zofanana, choncho ngodya za pa Q ndi pa R ndizo zofanana: zonse 40. Ya pa P, pomwe mbali ziwiri zofananazo zakumana, ndiyo ili payokha, ndipo ndi 100. Kugawa pawiri kuja kumagwira ntchito pokhapokha ngodya yomwe mwapatsidwa ili pokumanira mbali zofananazo. Njira yachidule: onani chilembo chomwe chabwerezedwa mu PQ ndi PR. Ndi P, ndiye ya pa P ndiyo yosiyana ndi zinzake.

Wofuna kuiona triangle imeneyi ikugwira ntchito akaime pomwe akalipentala akukhoma denga la nyumba yatsopano. Matabwa awiri otsetsereka ndi otalika mofanana, ndipo lililonse likadzuka madigiri 20 kuchoka pa thabwa logona, pamwamba pomwe akumana pamakhala 140. Thabwa loimirira pakati limagawa ngodya imeneyi pawiri, 70 uku ndi 70 uko, n'kupanga ma triangle awiri a ngodya za 20, 70 ndi 90. Kalipentala akaphonya podula, nsonga za matabwa sizigwirana, ndipo mpata wake aliyense amauona ali pansi. Amisiri omanga nawo sakhulupirira maso pa kona ya maziko: amayeza masentimita 60 mbali ina, 80 mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza malo awiriwo chikakwana 100 ndendende amadziwa kuti kona ili pa 90.

Mizere ya parallel ndi mzere woidula

Mutu uwu uli ndi mayina ambiri, alternate, corresponding, co-interior, ndipo ana amathera mphamvu poloweza mayinawo mpaka kuiwala kuti nkhani yake ndi yaifupi. Njanji ya pakati pa Chipata ndi Mchinji, yomwe inatsegulidwa mu 2010, ili ndi zitsulo ziwiri zoyenda limodzi osakumana. Pomwe njira yowongoka yadutsa njanjiyo mopingasa, m'mphepete mwa njirayo mumapanga ngodya zinayi pa chitsulo choyamba ndi zinayi pa chachiwiri. Ngodya zisanu ndi zitatuzo zili ndi misinkhu iwiri yokha, yaing'ono ndi yaikulu. Zazing'ono zonse n'zofanana, zazikulu zonse n'zofanana, ndipo yaing'ono ndi yaikulu zikaphatikizana zimakwana 180. Imodzi ikakhala 65, ndiye kuti zinayi ndi za 65, zinayi zinazo ndi za 115. Palibe nambala yachitatu. Mukapeza 25 kapena 130 pachithunzi chotere, mwasochera.

Mayina aja amafunika polemba chifukwa, poti mayeso ndi a m'Chingerezi. Ngodya zokhala m'makona a chilembo Z ndi alternate, ndipo ndi zofanana. Za m'chilembo F ndi corresponding, nazonso n'zofanana. Za mkati mwa chilembo C ndi co-interior, ndipo zimenezi sizifanana, zimaphatikizana kukwana 180. Cholakwika chodziwika ndi kutenga za mu C ngati zofanana, n'chifukwa chake apanso yankho lanu ndi lolondola zimakwana 180. Kumbukiraninso kuti Z amatha kutembenuka kapena kutambasuka, F amatha kuzondoka. Chithunzi chikakusokonezani, tembenuzani pepalalo, palibe woletsa.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha mizereyo ili ya parallel. Popanda timivi tija, kapena mawu onena choncho m'funso, Z amene mukumuonayo alibe ntchito. Pakakhalanso mizere iwiri yodula, uliwonse uli ndi ngodya zakezake. Mwana amatola 65 wa pa mzere woyamba n'kukamuika pa wachiwiri, chonsecho mizereyo yapendekeka mosiyana. Phimbani mzere umodzi ndi rula kapena chala, mumalize za winawo, kenako musinthe.

Pali funso lina lomwe limasiya ambiri atangoti kakasi. Mizere iwiri ya parallel, wina pamwamba wina pansi, ndipo pakati pake pali mzere wothyoka ngati chigongono. Chigawo chapamwamba chapanga 35 ndi mzere wapamwamba, chapansi chapanga 50 ndi mzere wapansi, zonse mbali imodzi, ndipo akufuna ngodya ya pothyokapo. Palibe Z wathunthu, palibe triangle. Ena amangoganiza triangle yomwe palibepo, kuchotsa 35 ndi 50 pa 180, n'kulemba 95. Chofunika ndi kujambula nokha mzere wachitatu wodutsa pothyokapo, wa parallel ndi iwiri ija. Ukangojambulidwa, ma Z awiri amaonekera: chigawo chapamwamba cha ngodyayo ndi 35, chapansi ndi 50, yonse ndi 85. Ana ambiri amaopa kuwonjezera kanthu pachithunzi cha mayeso ngati kuti ndi mlandu. Si mlandu, bola muchite ndi pensulo.

Mzere wowonjezera womwewu ndi umene umasonyeza chifukwa chake triangle ili ndi 180. Jambulani triangle, kenako pa nsonga yapamwamba dutsitsani mzere wa parallel ndi mbali yapansi. Ngodya ziwiri zapansi zimapezeka pamwamba kudzera mu Z, ina kumanzere ina kumanja, ndipo pamodzi ndi yapansongayo zimadzaza mzere wowongoka. Euclid wa ku Alexandria, ku Egypt, anali atatsimikizira kale lamulo limeneli pogwiritsa ntchito mizere ya parallel zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Kwa mwana wamng'ono, dulani triangle ya pepala, ng'ambani makona ake atatu, muwagundanitse nsonga pamodzi m'mphepete mwa rula. Adzaona yekha kuti agona pa mzere wowongoka. Kwa ine, ola limodzi lochita zimenezi limaposa sabata yoloweza, chifukwa mwana yemwe waona komwe 180 wachokera samuika pamalo olakwika.

Mwasiyana ndi 180 kapena 360 yathunthu

Yankho lanu likaposa kapena kuchepera lolondola ndi 180 ndendende, mwasinthanitsa mzere wowongoka ndi kuzungulira kwathunthu, kapena triangle ndi chithunzi cha mbali zinayi. Mzere wowongoka ndi triangle ndi 180, kuzungulira pamalo amodzi ndi chithunzi cha mbali zinayi ndi 360. Samalaninso kuti 180 ya pa mzere wowongoka ndi ya ngodya zokumana pa nsonga imodzi. Ngodya ziwiri zokhala pa mzere umodzi koma malo osiyana siziwerengedwa pamodzi. Manambala awiriwo akaphatikizana n'kukwana 360, funso limafuna ngodya yozungulira kunja, ya reflex, inu mwapereka yamkati: 130 m'malo mwa 230. Nambala ya 360 yomweyi inachokera kwa akatswiri a nyenyezi a ku Babylon, omwe ankawerenga m'magulu a 60, ndipo ubwino wake ndi woti imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 10 ndi 12 popanda chotsala.

Zithunzi za mbali zambiri

Lamulo lopezera madigiri a ngodya zonse zamkati pamodzi ndi loti muchotse 2 pa chiwerengero cha mbali, kenako muchulukitse ndi 180. Woiwala kuchotsa 2 amapeza 900 pa pentagon, ya mbali zisanu, m'malo mwa 540, ndipo yankho lake limaposa lolondola ndi 360. Lamuloli likathawa m'mutu, jambulani chithunzicho, musankhe kona imodzi, mukoke mizere kupita kumakona ena. Pentagon imatulutsa ma triangle atatu, hexagon, ya mbali zisanu ndi imodzi, imatulutsa anayi. Atatu kuchulukitsa ndi 180 ndi 540, anayi ndi 720.

Kugawa 540 ndi 5 kuti mupeze 108 n'kololedwa pokhapokha funso lanena kuti chithunzicho ndi regular, kutanthauza kuti mbali zonse n'zofanana ndipo ngodya zonse n'zofanana. Pentagon ya ngodya za 100, 110, 120, 95 ndi x si yotero: phatikizani zinayizo, 425, muchotse pa 540, x ndi 115.

Ngodya yakunja nayo imasokoneza. Pa hexagon ya regular yamkati ndi 120, ndipo ena amati yakunja ndi 240, poganiza kuti ndi yonse yotsala mukazungulira. Ayi. Yakunja imapangidwa potalikitsa mbali imodzi, ndiye iyo ndi yamkati zili pa mzere wowongoka: 60. Zakunja zonse pamodzi zimakwana 360, mbali zichuluke bwanji. Funso likati ngodya yamkati ndi 156, pezani chiwerengero cha mbali, musathamangire kugawa 360 ndi 156. Yambani mwapeza yakunja, 24, kenako 360 kugawa ndi 24, mbali 15. Pano yankho limadziulula lokha likalakwika, chifukwa kulibe chithunzi cha mbali ziwiri ndi kachidutswa.

Pakalowa x

Ngodya za triangle ndi 2x + 10, 3x − 5 ndi x + 25, pezani yaikulu kwambiri. Kuphatikiza kumapereka 6x + 30 = 180, ndiye x ndi 25. Apa ndi pomwe ambiri amaimira, kulemba 25 n'kupita pa funso lotsatira. Koma 25 si ngodya, ndi x chabe. Mubwezereni m'malo mwake: 60, 70 ndi 50. Yankho ndi 70, ndipo kubwezerako kwakupatsaninso chitsimikizo kwaulere, poti zitatuzo zakwana 180.

Cholakwika china ndi cha chizindikiro chochotsera. Mukachotsa x + 30 pa 180, mukuchotsa zonse ziwiri, ndiye kumatsala 150 − x. Wolemba 210 − x wachotsa x yekha, 30 n'kumuphatikiza.

Nthawi zina geometry yonse imakhala bwino, chomwe chapha mwana ndi kuchotsera wamba. 180 kuchotsa 47 ndi 133, koma mudzaona 143 kwa woiwala kuti anabwereka, ndi 147 kwa wochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu mosayang'ana yomwe ili pamwamba. Kuphonya ndi 10 ndendende ndi chizindikiro choti mwaiwala kuti munabwereka. Werengani chokwera: kuchoka pa 47 kufika pa 50 ndi 3, kuchoka pa 50 kufika pa 180 ndi 130, zonse 133. A Giredi 12 asanyozere zimenezi, chifukwa pepala loyamba la masamu la Examinations Council of Zambia sililola calculator.

Ma bearing

Bearing, ngodya yosonyeza komwe malo ali, imayezedwa kuchokera kumpoto, kutsata momwe wotchi imayendera, ndipo imalembedwa ndi manambala atatu: 070, osati 70. Chovuta chachikulu ndi kudziwa poima. Funso likati bearing of B from A, muime pa A, mzere wakumpoto mujambule pa A. Tinene kuti bearing ya chigayo kuchokera pasukulu ndi 070, ndipo akufuna ya sukulu kuchokera pachigayo. Mayankho olakwika omwe amabwera ndi 110 ndi 290. Jambulani mzere wakumpoto pamalo onse awiri. Mizere imeneyi ndi ya parallel, ndipo njira yolumikiza sukulu ndi chigayo ndiyo ikuidula. Pachigayo ngodya ya mu C ndi 110, koma imeneyo ikuyezedwa mobwerera. Yotsata wotchi ndi 360 kuchotsa 110, yomwe ndi 250. Mwachidule, pofuna yobwerera, bearing yochepera 180 mumaiphatikiza ndi 180, yoposa 180 mumaichotsera 180.

Mukangoti kakasi osadziwa poyambira

Siyani kaye ngodya yomwe yafunsidwa. Pezani iliyonse imene mungathe, ngakhale ikuoneka yopanda ntchito, muilembe pachithunzi pomwepo ndi pensulo. Mizere iwiri ikadutsana, ngodya zoyang'anizana pa mphambanoyo n'zofanana, lembani. Pali mzere wowongoka, chotsani pa 180, lembani. Ngodya iliyonse yatsopano imatsegula ina, ndipo kawirikawiri yofunsidwayo imafikika pa sitepe yachiwiri kapena yachitatu. Mukakanikabe, bwererani ku mawu a funso muone chomwe simunagwiritse ntchito. Wokonza mayeso salemba kuti AB = AC kapena kuti mzere wina wagawa ngodya pawiri mongokongoletsa. Chinthu chomwe chatsala osakhudzidwa ndicho kiyi wake.

Pa sitepe iliyonse lembani chifukwa chake pambali, mawu awiri kapena atatu basi. Mapepala a mayeso amachenjeza okha kuti wosasonyeza njira amataya malikisi, koma phindu lalikulu ndi lanu: mukalephera kutchula chifukwa chomwe ngodya ina yakhalira 70, nthawi zambiri ndiye kuti mwangoiona ndi maso.

Inu makolo, azakhali ndi achimwene omwe mumakhala ndi mwana madzulo akulemba homuweki, simufunika kukumbukira mayina a m'Chingerezi aja kuti muthandize. Lozani nambala iliyonse yomwe walemba, mumufunse kuti, “Iyi waitenga kuti?” Akayankha kuti, “Ikuoneka choncho,” mwapeza pomwe pali vuto. Akakufotokozerani m'Chichewa mpaka inu n'kumva, ndiye kuti wamvetsa. Musamuuze yankho ngakhale mukulidziwa.

Pomaliza pake, nthawi zina wolakwa si mwana. Mapepala a mayeso akale omwe amagulitsidwa m'tauni amakhala atajambulidwa pa fotokope kambirimbiri, mpaka timivi ta parallel ndi timizere ta mbali zofanana kufufutika, kabokosi ka 90 n'kusanduka kadontho, 38 n'kumaoneka ngati 88. Funso lokopera pa bolodi mothamanga limatayanso tizizindikiro tomweti. Zithunzi zotumizirana pa WhatsApp, zojambulidwa foni itapendekeka, zimasintha ngodya, ndiye musayeze ndi protractor pa galasi la foni. Funso likaoneka kuti lilibe zokwanira, kapena likatulutsa ngodya ya triangle yoposa 180, kafananizeni ndi pepala la mnzanu kapena la aphunzitsi musanathere usiku wonse pa funso lomwe linaduka mwendo pa makina a fotokope.